Kamuvi ka Pakona

Lolemba, 3 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife tilipo, Bwana wamera mano ena awiri ndipo akuluma aliyense womunyamula. Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale. Foni ija inali imodzi, ya ine ndi malemu amuna anga, ndiye alamu, akulu awo aja, anaitenga patangopita masiku atatu titaika maliro, ati nambala yake ndi ya makasitomala a shopu. Kalatayi ndapatsira adalaivala a lole ya mazira. Amafika kwanuko Lachiwiri ndi Lachinayi, n'kubwerera kuno m'mawa mwake. Poyankha muwapatse iwo omwewo.

Achemwali ndili pamoto. Apongozi ayamba kunena poyera kuti Bwana si magazi awo. Amawerenga miyezi pa zala ine ndili pomwepo, ati tinalowana mu Juni mwana n'kubadwa mu Januwale, nanga amene ndinabereka ndi munthu kapena mbuzi. Inu mukudziwa kuti anabadwa masiku asanakwane, munamuona nokha m'kabokosi kagalasi kaja ali ngati kakhoswe. Koma pa khadi lake la kusikelo, pamene amalemba dzina la bambo, palibe kanthu. Tsiku limenelo malemu anali pa ntchito, anesi anati tidzalemba akadzabwera, ndiye tinaiwala. Ukwati wathunso unalibe pepala. Tsopano akuti ndichoke m'zipinda ziwiri za kuseri kwa shopu, zimene malemu anamanga ndi manja awo. Alamu akufuna aikemo matebulo ophunzitsira anthu kompyuta.

Ndinapita ku ofesi yoyanjanitsa mabanja. Kuli amayi ena a magalasi, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Akuti adzabwera pa 21 mwezi uno kudzatimva tonse, koma ndidzakhale ndi chogwirika, osati misozi.

Chogwirika chilipo. Malemu ataona kuti sachira, tsiku lina anavala malaya awo a mizere, anakhala pabedi, anamuika Bwana pamwendo, n'kutsegula laputopu kudzijambula. Akunena momveka bwino kuti, “Uyu ndi mwana wanga, amene akuseka kumbuyoko ndi mkazi wanga, nyumba ino ndi yawo, wina asadzawavutitse.” Ndinasekadi, ndimayesa masewera. Chimwalirireni ndakhala ndikuionera vidiyoyo tsiku ndi tsiku, moti ndimadziwa ndi pamene akupumira mpweya.

Chandipweteketsa ndi pakamwa panga pomwe. Lachisanu apongozi anamukankha Bwana ndi phazi atagwira nsalu yawo, ati kagwire ya agogo ako enieni. Mtima unandikwera, ndinawauza kuti mwana wawo anasiya mawu mu laputopu, adzachita manyazi pa 21. Kutacha alamu anagogoda, akumwetulira, ati abwera kudzatenga katundu wa shopu. Laputopu ija anainyamula ndi chaja chomwe.

Lero ndamva akuuza kasitomala kuti laputopuyo aisintha sisitimu, yakaleyo ndi yochedwa. Achemwali, inu mumagwira makompyuta ku ofesi kwanu. Kusintha sisitimu n'kutani? Vidiyo ija idzatsalamo? Ndiyankheni msanga, chakudya sichikulowa.

Ine mng'ono wanu.


Lachinayi, 6 Malichi

Mng'ono wanga,

Kuno tonse tili bwino, ana akupereka moni kwa Bwana. Kalata yako ndaiwerenga. Ndinakuuza kangati kuti mukalembetse ukwati? Iwe unkati chikondi sichifuna sitampu. Lero waiona ntchito ya sitampu. Koma madzi akatayika saoleka, tikambe zimene zilipo.

Kusintha sisitimu kuli ngati kutulutsa katundu yense m'nyumba, kusesa, n'kupaka penti ina. Chimene mwini wake sanatenge chimapita kudzala ndipo sichibwerera. N'chifukwa chake munthu asanayambe amakopera mafayilo ake pena, ndiye bakapu imeneyo. Aliyense wodziwa ntchito amatero.

M'envulopumu muli fulashi yatsopano, yabuluu. Mvetsa bwino. Uibaye pambali pa laputopu, padzatseguka kawindo koyera. Ugwire vidiyoyo ndi mausi, uikokere m'kawindomo, n'kusiya. Ukatero uitsegule kuchokera mu fulashimo, uone ngati ikusewera mpaka kumapeto. Ikasewera ndiye kuti zatheka. Uzule fulashi ndipo usabwereke munthu, ngakhale m'busa.

Za alamu akowo, usamangoganiza zoipa. Ndinacheza nawo pa maliro, ndi munthu wophunzira, wolankhula mwaulemu. Apongozi ako ndi amene ali ndi ululu wa maliro, ndipo munthu wolira sasankha mawu. Iwe vuto lako umathamanga pakamwa ngati mayi athu. Pita ukawapemphe bwinobwino, utatsitsa mawu, kuti akulole kukopa zako asanasinthe. Sangakukanize.

Kubwera sindingathe, ku ntchito tatsala awiri okha ndipo tchuthi ndinachimalizira pa maliro paja. Undilembere ukangomaliza.

Ndine mkulu wako.


Lolemba, 10 Malichi

Mlamu,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi mwana wanu. Ndikudziwa kuti kuchokera pa tebulo langa kufika pakhomo panu ndi mapazi khumi okha, koma ndasankha kutaipa kalatayi kuti pasadzapezeke wonena kuti sanauzidwe. Kope lake ndasunga.

Pempho lanu ndalimva ndipo ndalilola. Laputopu ya shopu ndiisintha sisitimu Loweruka pa 15 m'mawa. Zonse zimene zilimo zidzafufutika. Inu mubwere Lachitatu nthawi ya 10 koloko ndi chosungira chanu. Ndidzakupatsani mphindi khumi, chifukwa makina amenewa ndi a ntchito ndipo makasitomala sadikira.

Kukopa mudzakopa nokha. Ine sindidzagwira mausi, sindidzakulozerani pobaya, sindidzanena kanthu. Ndamva kuti mwakhala mukuuza anthu pa mpope kuti ndikufuna kuba mawu a mng'ono wanga, ndiye ndi bwino manja anga akhale m'thumba. Mukamaliza mudzasaina pepala lonena kuti mwatenga zonse zimene mumafuna. Amayi adzakhalapo ngati mboni.

Mwanayo mudzamugwire bwino, m'shopu muli mawaya.

Mlamu wanu.


Lachitatu, 12 Malichi

Achemwali,

Moni wa chimwemwe lero. Zatheka. Ndikulemba mothamanga, mukhululuke zilembo.

Ndinafika 10 koloko isanakwane, Bwana ali kumsana. M'shopu munali anthu atatu odikira zithunzi za ziphaso, makina osindikizira akulira, fungo la inki lokhalokha. Apongozi anakhala pa mpando wa pakhomo, nkhope atalozetsa kumsewu. Alamu anaika laputopu pa tebulo la pakona pamene malemu ankakhala, pali ndi kachizindikiro ka kapu yawo ya tiyi pathabwa mpaka lero. Anavula wotchi n'kuiika pambali panga, kenako anaima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba monga ananenera.

Fulashi inakana kulowa kawiri, kachitatu ndinaitembenuza n'kulowa. Kasitomala wina anaseka, ati amayi mukubaya ngati jakisoni wa ng'ombe. Kawindo koyera kanatsegukadi.

Kuipeza vidiyo sindinavutike, ndipo apa ndithokoze malemu. Ankadziwa kuti za mafoda zimandizunguza mutu, foda m'kati mwa foda ngati anyezi. Ndiye anandiikira pamwamba penipeni, ukangoyatsa n'kuiona, n'kuilemba kuti ZA BWANA. Ili ndi kamuvi kopindika pakona yake. Ankati ukaona kamuvi aka ungobaya, kadzakufikitsa kokha, usamafufuze kwina ungasochere. Ndinaigwira ndi mausi, kuikoka, kusiya. Achemwali, inu munandiopseza ngati ndi ntchito yaikulu. Sindinaphethire n'komwe, inali italowa kale, dzina lake lili m'kawindomo ndi kamuvi kake komwe.

Ndinachita monga munanenera, ndinaibaya kuchokera mu fulashi. Inasewera. Mawu a malemu anadzaza shopu yonse, mnyamata wa pa makina osindikizira mpaka anawazimitsa. Bwana anadzuka kumsana n'kuyamba kudumpha akuti baba, baba. Pofika pamene akuti uyu ndi mwana wanga, apongozi anadzuka n'kutuluka, mpando unagwa. Makasitomala anangoyang'ana pansi. Ndinaisiya mpaka kumapeto, mphindi zinayi zonse.

Itatha alamu anawerama, nkhope yawo pafupi ndi phewa langa, n'kuyang'anitsitsa m'kawindo ka fulashi muja nthawi yaitali. Ndinachita mantha kuti andilanda. Koma anangotulutsa kampweya m'mphuno ngati munthu amene wakumbukira nthabwala, n'kuweramuka. Anandifunsa ngati pali china, ati mphindi zatsala zisanu ndipo ngati ndikufuna andionjezera zina zisanu. Ndinati palibe, chimene ndinabwerera n'chomwechi. Koma mtima sunakhazikike, ndiye ndinawafunsa motsitsa mawu monga munandilangizira.

“Alamu, inu ndi odziwa. Zalowa bwino?”

“Mlamu, ndinalonjeza kuti sindinena kanthu. Mwaona nokha kuti yasewera.”

Ndinasaina pepala lawo. Anaitana apongozi nawonso anadinda chala. Potuluka alamu anatsegula botolo la pa kauntala n'kumupatsa Bwana switi, chibadwireni sanamupatsepo kanthu. Mwina munanena zoona kuti ndi munthu. Mwina mawu a mng'ono wawo awagwira mtima.

Fulashi ndaisokerera mumpendero wa siketi yamkati, ndizigona nayo. Pa 21 aone okha. Lero ndadya mpaka kukhuta.

Ine mng'ono wanu.


Lachinayi madzulo, 13 Malichi

Mng'ono wanga,

Moni ndipereka tsiku lina. Siya chilichonse uwerenge.

Chimene wakopacho si vidiyo. Kanthu kokhala ndi kamuvi pakona timakatcha shotikati. Ndi chikwangwani cholozera njira basi. Vidiyo yeniyeni ili m'kati, m'mafoda amene amuna ako ankakuteteza kuti usasocheremo. Iwe wazula chikwangwani n'kuthawa nacho, nyumba waisiya. N'chifukwa chake inalowa usanaphethire, vidiyo ya mphindi zinayi imatenga kanthawi ndipo umaona kamzere kakuyenda. Inasewera chifukwa fulashi inali idakali pa laputopu yomweyo, chikwangwani chinali chikulozabe nyumba imene ilipo. Loweruka nyumbayo ikagwetsedwa udzatsala ndi thabwa.

Kulakwa ndi kwanga. Ndinayenera kukuuza kuti ukaiyese pa kompyuta ina. Sindinaganize.

Mawa Lachisanu, kalatayi ikangokupeza, pita ku shopu. Usakhudze ZA BWANA ya pamwamba ija. Tsegula foda ya mavidiyo, ufufuze yopanda kamuvi, uikokere mu fulashi. Ukatero pita kwa aliyense amene ali ndi kompyuta, kusukulu kapena kupositi, ukaiyese kumeneko. Ukalephera, gwada pamaso pa munthu wa foni yojambula, ajambule sikirini ikusewera.

Koma usade nkhawa kwambiri. Ndaimba pa nambala yanu ija ndipo ayankha alamu ako. Ndawafotokozera zonse, za kamuvi ndi zonse. Andimvetsera mwaulemu, ati zikomo kwambiri pondidziwitsa, nkhaniyi isiyeni m'manja mwanga. Ndawapempha kuti akuitane pa foni, ati unapita kumsika. Waona? Ukanakhala unawatukwana bwenzi lero tikulowera kuti?

Ndine mkulu wako.


Lolemba, 17 Malichi

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Mwangoti zii, kodi mwadwala? Ndimayembekezera kalata yanu Lachisanu, ngakhale mizere iwiri yondiyamikira. Tsiku limenelo ndinali kusikelo ndi Bwana kuyambira m'mawa, mzere unali wautali, ndiye adalaivala sindinaonane nawo. Ndinafunsa ku shopu ngati anasiya kanthu. Alamu anati mapepala amene amalowa m'shopu mwawo ndi ambiri, sangawadziwe onse.

Loweruka anaisinthadi. Anatsegula chitseko cha kuseri kuti ndizionera ndikuchapa. Sikirini inada, kenako panayenda kamzere pang'onopang'ono, iwo akumwa tiyi ndi kuimba kamluzu. Pofika masana inayaka ndi mtundu wina, chithunzi cha malemu atanyamula Bwana chimene chinkakhala kumbuyo chija palibe, pali phiri la kwa eni ake. Zinandiwawa, koma ndinagwira mpendero wa siketi n'kulimba mtima.

Apongozi abweretsa kale mmisiri kudzayeza zipinda zathu. Anayeza ndi tepi modutsa pamwamba pa Bwana ali mtulo pamphasa, ati apa pakwana matebulo anayi. Ine ndinangokhala chete. Ndaphunzira.

Lachinayi. Kalatayi idakali ndi ine. Akuti lole ya mazira ili kugalaja sabata yonse. Mawa ndi tsiku lija. Ndachapa zovala za Bwana ndipo fulashi ndaisomola kale, ili m'kasokosi kake pansi pa pilo. Mundipempherere ngakhale simumva.

Ine mng'ono wanu.


Loweruka, 22 Malichi

Achemwali,

Sindikudziwa poyambira. Moni landirani.

Tinakhala pabalaza pa apongozi. Iwo pa sofa, alamu pambali pawo ndi faelo ya mapepala pamwendo, amalume awo a malemu awiri, ndi amayi a magalasi aja pa mpando wa patebulo. Ine anandipatsa kampando ka kukhitchini pafupi ndi chitseko. Apongozi anawerenganso miyezi yawo pa zala. Itafika nthawi yanga ndinangoti mwini wake alankhule yekha, n'kutulutsa fulashi m'kasokosi. Ndinanena monyada, Achemwali, Mulungu andikhululukire.

Amayi a magalasi anabwera ndi laputopu yawoyawo, ndinasangalala kuti palibe angachite chinyengo. Anabaya fulashi, anatembenuzira laputopuyo kwa tonse. ZA BWANA inaoneka. Ndinamukhazika Bwana pamwendo kuti awaone bambo ake. Anabaya. Panatuluka kabokosi ka mawu a Chingerezi. Anabayanso, kabokosi komweko. Anavula magalasi, kuwapukuta, kubayanso kachitatu. Kenako anandifunsa mwakachetechete ngati ndili ndi fulashi ina. Anati muno mulibe vidiyo, muli kolozera chabe, ndipo kumene kakulozako kulibe kanthu.

Ndinati ayi, inasewera, anthu anaimva, apongozi anagwetsa mpando. Apongozi anati iwo anatuluka chifukwa cha kutentha, sanamve kalikonse. Ndinati alamu anaionera kumbuyo kwanga mpaka kumapeto. Alamu anati anaonadi mng'ono wawo akulankhula, koma makina osindikizira ankasokosa, ndipo munthu wodwala chotero, wa mankhwala amphamvu aja, amanena zambiri.

Amayi aja anawafunsa ngati sanasunge bakapu asanasinthe sisitimu, ati munthu wa ntchito yanu sangafufute makina osasunga. Alamu anatsegula faelo mosafulumira. Anati anasunga za shopu zokha, za makasitomala. Za banja sanazikhudze chifukwa mwini wake anali atatenga kale zonse, n'kuwapatsa pepala lija. Amayi aja anawerenga mokweza. Ine ndatenga ndekha, ndi manja anga, zonse zimene ndimafuna, ndipo palibe wandiletsa kapena kundifulumizitsa. Pansi pake dzina langa, m'zilembo zanga zokhota zija.

“Ndinamuonjezeranso mphindi zisanu,” anatero alamu. “Anakana.”

Ndinagwada, Achemwali. Ine amene munkati sindigwadira munthu. Ndinayenda ndi maondo mpaka pa mapazi awo, Bwana akulira m'khwapa, ndinati alamu fufuzani bwino mwina yatsalira penapake, nyumbayo tengani, ndingofuna mwanayu adzamve bambo ake akumutchula. Anasuntha mapazi kuti ndisadetse nsapato. Anati sisitimu yatsopano ndi yaukhondo, siisunga zinyalala za yakale.

Amayi a magalasi anayesa. Anati pali njira yoyeza magazi, ngati mbale wa malemu atalola kupereka ake. Alamu anati iwo chibadwire amaopa jakisoni. Amalume aja anaseka mpaka wina anatsamwa. Amayi aja anatseka laputopu yawo, anati popanda pepala la ukwati, popanda dzina pa khadi, popanda vidiyo, iwo alibe pogwira, malowo ndi a banja. Anandipemphera masiku khumi ndi anayi. Apongozi anati atatu, mmisiri analipidwa kale. Potuluka amayi a magalasi anandibwezera fulashi m'manja n'kundifinya zala.

Chimene sindikumvetsa ndi ichi. Ndinachita zonse monga munalembera. Ndinakoka, ndinasiya, ndinatsegula, inasewera. Ndinalakwitsa pati? Kapena fulashi yanuyo inali yoboola? Ndiuzeni, chifukwa mutu wanga ukuzungulira pomwepo.

Ine mng'ono wanu.


Lolemba, 24 Malichi

Mlamu,

Ndikhulupirira kulongedza kukuyenda bwino. Makiyi musiye pa kauntala isanakwane 12 koloko mawa. Bedi ndi shelefu ndi za nyumba, musavutike nazo.

Pokonza m'dirowa lero ndapeza kalata ya achemwali anu, imene adalaivala anasiya Lachisanu lija muli kusikelo. Inalowa pakati pa mapepala a makasitomala. Mupeza kuti ndi yotsegula, ndinaiyesa ya shopu. Achemwali anu ndi munthu wodziwa ntchito, afotokoza bwino kwambiri, ine sindikanatha kuposa pamenepo. Anandiimbiranso foni, koma monga mukukumbukira ndinali nditalonjeza, pa pepala, kuti sindidzanena kanthu pa zokopa zanu. Munthu ayenera kusunga mawu ake.

Kuti musamati ndife anthu ouma mtima, ndaikamo chithunzi cha malemu. Chachikulu ndawakonzera amayi, chili kale pakhoma pabalaza. Ichi ndi chaching'ono, pa pepala labwino, ndipo simulipira.

Muyende bwino.

Mlamu wanu wakale.


Lachitatu, 26 Malichi

Achemwali,

Tili moyo. Tikugona m'kachipinda kosungira nsalu kwa amayi ena osoka pafupi ndi depoti, ndikuwathandiza kusita ndi kusoka mabatani. Bwana ali ndi chifuwa chifukwa cha fumbi la nsalu koma akudya. Lole yachira, ndiye makalata atatu awa akupezani limodzi. Muwawerenge motsatana.

Kalata yanu ya kamuvi ndailandira Lolemba, patatha masiku khumi. Ndaiwerenga kasanu. Ndi yomveka bwino, ndikanaimva, ndikanatha. Funso langa la fulashi yoboola lija mulisiye, ndayankhidwa. Musadzizunze. Inu munaiwala mzere umodzi, malemu anandiikira kamuvi chifukwa chondikonda, ine ndinasaina. Amene anawerama n'kuona, n'kumupatsa mwana wanga switi, ndi mmodzi yekha. Koma nambala ija musadzaimbenso.

Tsopano mvetserani, chifukwa pali chimene ndaona ndipo ndikuopa kuti mwina ndi misala.

Chithunzi chimene alamu andipatsa. Malemu avala malaya a mizere. Akhala pabedi, kumbuyo kuli katani yathu ya maluwa, padzanja pali pulasitala ya diripi. Achemwali, tsiku limenelo palibe anajambula chithunzi. Malaya amenewo anawavala kamodzi kokha chidwalireni, kwa mphindi zinayi, atatha anavula chifukwa ankawakanda pakhosi. Ndipo pakamwa pawo m'potsegula pang'ono, si kumwetulira, ndi munthu amene ali pakati pa mawu. Ine ndikudziwa mawu ake. Ndi pamene atsamira kumanzere atangopuma mpweya, akuti mwana wanga.

Chithunzichi achidula mu vidiyo. Ndiye kuti ali nayo. Anaisunga monga munanenera kuti aliyense wodziwa ntchito amatero, anakhala pansi n'kuionera, kuimitsa, kusankha pamene nkhope yaoneka bwino. Ndipo andipatsa dala kuti ndidziwe.

Bwana amudula. Chithunzi chathera pamimba pa malemu, pamene mwanayo anakhala. Koma lumo lawo linaphonya pang'ono. Pansi penipeni, pakona ya kumanja, pakuoneka kaphazi. Kavala sokosi yachikasu, ndipo pachidendene pali ulusi wofiira umene ndinasokera ndekha chifukwa wachikasu unandithera. Amayi osokawa ndawaonetsa osawauza kanthu, ndinangowafunsa kuti apa mukuona chiyani. Anayandikitsa kumaso n'kunena kuti phazi la mwana.

Chachikulu chili pakhoma pa apongozi, pamwamba pa sofa. Kumeneko kaphaziko kayenera kukhala kakakulu ngati dzanja langa. Amakhala pansi pake tsiku lonse akuuza alendo kuti mwana wawo anafa wosabereka.

Mawa m'mawa ndikupita kwa amayi a magalasi. Mwina adzandiuzanso kuti alibe pogwira. Mwina alamu adzati ndi mwana wa kasitomala, amalume n'kusekanso. Inu amene mumadziwa za maofesi ndiuzeni zoona, musandinyengerere ngati paja. Kodi phazi lokha angalilandire?

Sokosiyo ndili nayo. Ndi yomwe ija ndinasungiramo fulashi.

Ine mng'ono wanu.